Ku Nambuma chiyankhulo ankachiyesa pakamwa

Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, anamwalira akudziwa ziyankhulo zisanu, koma pa chikalata chilichonse cha boma ankadinda chala. Chichewa anayamwira. Chishona anachitola m'mafamu a fodya a ku Southern Rhodesia, komwe anapita kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi ndevu zisanamere. Chifanakalo ndi Chizulu anabwera nazo kuchokera ku migodi ya ku Joni, ndipo Chipwitikizi anachimvera kwa anzawo a ku Mozambique amene ankagona nawo m'komponi imodzi. Panalibe mphunzitsi amene anawalembera pa bolodi, panalibenso amene anawapatsa satifiketi. Komabe kuyambira kwathu ku Nambuma mpaka kukafika cha ku Kabudula, aliyense ankadziwa khomo loti akagogode kukabwera mlendo wosamva Chichewa.

Ndikakumbukira ubwana wanga, chimene chimayamba kubwera m'makutu ndi phokoso la matchona. Nyengo yosoka fodya ikatha, chikopa chitapita ku msika, amuna obwerera ku ulendo ankakumana pamthunzi wa chigafa, chipanda cha masese chikuzungulira. Nkhani inkayambira m'Chichewa. Wina akangotchula dzina la mgodi kapena la kapitawo wankhanza, malilime ankatembenuka okha. Uyu waponya Chizulu, uyo wayankha m'Chifanakalo, wachitatu wawadula pakamwa ndi Chishona, kenako onse n'kufa ndi phwete pa chinthu chimene ife ana sitinachimve. Tinkakhala chapatali, mawondo atatuwa ndi fumbi, tikutolera mawu ogwa ngati nyenyeswa. Mawa lake kubusa tinkalamulana ndi mawu omwewo, ng'ombe n'kumangotiyang'ana. Atsibweni akandiona ndikusuzumira ankandikodola. "Muphwa, tabwera kuno. Madzi m'Chizulu amati chiyani?" Ndikalasa ankandininkha kachidutswa ka nzimbe. Ndikaphonya ankabwereza mawuwo katatu, pang'onopang'ono, mpaka lilime langa litagona pamalo pake.

Mudzi unali ndi mayeso akeake, ndipo sanali achibwana. Kukabwera munthu wa ku Mozambique ndi mlandu wa ng'ombe kapena wa ukwati, anyakwawa ankatuma mwana kukaitana atsibweni. Iwo ankakhala pakati, khutu lina kwa mlendo, lina kwa amfumu. Bwalo lonse linkayang'ana nkhope ya mlendoyo. Akamagwedezera mutu, akamayankha zogwirizana ndi funso, mlandu n'kutha onse atagwirana chanza, anthu ankadziwa kuti womasulirayo ndi katswiri. Akamatong'ola maso ndi kubwereza zomwezomwezo, ankadziwanso. Mnyamata wina atangokhala miyezi yowerengeka kunja anabwera akudzitama kuti Chizulu anachimwa ngati madzi. Tchona wina wachikulire anangomufunsa mafunso awiri pamaso pa anthu, nkhani n'kuthera pomwepo. Wopambana mayesowa malipiro ake anali mpando pafupi ndi amfumu, chipanda choyamba, mwina nkhuku, komanso dzina labwino lomwe linkamutsogolera kulikonse.

Achewa a kuno nzeru imeneyi anali nayo kalekale. Mwamuna amene anagula njira kumudzi kwawo akasamukira kuchikamwini, a kudambwe la kumeneko samulowetsanso kachiwiri ngati mwana. Amamufunsa zofunsa zawo, ndipo akayankha moyenera amamulandira monga mwini mwambo. Zimene amafunsanazo si zolemba m'magazini, ndipo sindizikhudza. Ndikungonena kuti kufunsa munthu zimene akudziwa kale usanayambe kumuphunzitsa si nzeru yobwera pa ndege.

Sindikufuna kupaka shuga pa masiku amenewo. Ziyankhulo za atsibweni anazigula ndi thupi lawo. Chifanakalo chinali chiyankhulo cholamulira, chopangidwa kuti bwana anene, wantchito achite, ndipo mawu ake ambiri anachokera ku Chizulu, ena ku Chingerezi ndi Chibunu. Munalibe mawu okwanira kudandaulira kapena kupembedzera mwana. Amuna ambiri anabwera nacho pamodzi ndi chifuwa chosatha, ena sanabwere n'komwe. Mu April 1974 ndege ya Wenela, bungwe lolemba anthu a ku migodi, inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo kuchokera ku migodi, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Ulendowu unatsegulidwanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kudzatsekeka mu 1988. Koma ngakhale pamalo owawa chotero panali kanthu kamodzi kamene atsibweni ankakatchula kawirikawiri. Ankati olembedwa kumene ankayamba akhala masiku angapo pamtunda akuphunzitsidwa Chifanakalo, mayina a zida ndi mawu ochenjeza, asanatsikire pansi. Wobwerera kachiwiri sankamukhazikanso pa benchi lija. Ankangomuyankhula, akayankha bwino n'kumupatsa chipewa ndi nyali. Eni migodi sankachita zimenezi chifukwa cha chifundo. Ankadziwa kuti kuphunzitsa munthu chinthu chomwe akuchidziwa n'kutaya ndalama.

Chiyankhulo china cha ku Nambuma chinkamveka ku mishoni. Ansembe a chipani cha White Fathers anafika ku Mua mu 1902, ku Likuni ndi ku Kachebere mu 1903, ndipo patapita zaka anadzamanga kuno kwathu. Ambiri anali ochokera ku France, ku Canada ndi ku Holland. Kwa iwo chiyankhulo chachilendo chinali Chichewa chathuchi, ndipo woyambitsa chipani chawo, Kadinala Lavigerie, anawalamula kuti aziphunzira chiyankhulo cha anthu amene akukhala nawo. Agogo ankasimba za abambo ena achinyamata amene ankayenda ndi kabuku m'thumba la mkanjo, n'kumakhala pa mtondo ndi amayi osinja, kufunsa dzina la chilichonse, gaga, mphale, lichero, munsi. Ana ankawaseka akasokoneza mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, iwo osakwiya, n'kubwerezanso. Akuluakulu ankati wansembe watsopano sankaloledwa kumva kulapa kwa anthu mpaka anzake atamuyesa n'kukhutira kuti akumva. M'modzi mwa iwo, Bambo Salaun, anafika polemba buku lophunzitsira Chichewa lotchedwa Chichewa Intensive Course, ndipo alendo ambiri aphunzirira m'menemo. Nawo atsamunda a boma ankalemba mayeso a Chinyanja kuti akwezedwe pa ntchito. Choncho panali nthawi imene chiyankhulo chathu chinkakweza mzungu pa udindo, pamene ziyankhulo zinayi zachilendo za atsibweni sizinawakweze paliponse kupatula pabwalo la mudzi.

Misa nthawiyo inali ya m'Chilatini. Kusintha kunadza ndi msonkhano waukulu wa maepiskopi ku Vatican wa 1962 mpaka 1965, koma ine ndinapeza nkhalamba zimene zinatumikirapo paguwa zili ana, ndipo mayankho onse a Misa zinali nawobe pamtima. Akatekisiti ena okalamba a kumudzi kwathu ankatha kuimba nyimbo za maliro m'Chilatini kuyambira poyamba mpaka pomaliza, maso ali chitsinzinire, ndipo amayi ankalira ngakhale sankamva liwu ndi limodzi lomwe. Anyamata owerengeka amene anapitirira mpaka ku seminale ya Kachebere ndiwo anachiphunzira mozama. Bambo Patrick Kalilombe, wobadwira ku Mua mu 1933, anakaphunzira kumpoto kwa Africa ndi ku Rome, ndipo mu 1972 anakhala episkopi wa Lilongwe, Nambuma ali m'manja mwake. Makolo athu ankamutchula akafuna kutilimbikitsa, kuti taonani mwana wa m'mudzi ngati inu nomwe, lero akuyankhula ndi azungu a mitundu yonse m'ziyankhulo zawo.

Ife a m'badwo wotsatira tinakulira m'dziko lina. Mu 1968 msonkhano wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo ziyankhulo za dziko, koma pasukulu aliyense ankadziwa chimene chinali ndi mano. Pasukulu ina imene ndinaphunzirapo, wogwidwa akuyankhula Chichewa ankavekedwa kachikwangwani m'khosi mpaka atagwira mnzake. Wolephera Chingerezi pa mayeso a fomu 4 satifiketi sankaiona, ngakhale masamu ndi sayansi atakhoza bwanji. Chifalansa chinkaphunzitsidwa m'sukulu zowerengeka za sekondale, kenako ku Chancellor College, imene inasamukira ku Zomba mu 1973. Mu 1981 Kamuzu Academy inatsegulidwa ku Mtunthama m'boma la Kasungu, ana n'kumaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Zonsezi zinali zabwino, ndipo ndimalemekeza aphunzitsi amene anatula thukuta lawo pamenepo. Koma pang'onopang'ono tinazolowera kuganiza kuti chiyankhulo chenicheni ndi chokhacho cholowera pa khomo la kalasi. Cholowera pa khomo la komponi, la msika kapena la tchalitchi tinayamba kuchiona ngati chotola. Ine ndemwe, nditavala yunifolomu ya ku sekondale, ndinasiya kukhala pansi pa chigafa paja. Atsibweni anamwalira ndisanalembe liwu lawo ndi limodzi lomwe, ndipo chimenechi chimandiwawa mpaka lero.

Lero ziyankhulo zachuluka kuposa kale, ndipo zikubwera zokha mpaka pakhomo. Malawi ndi China anakhazikitsa ubale mu December 2007, ndipo tsopano kuli Confucius Institute yophunzitsa Chitchaina mogwirizana ndi University of Malawi. Anyamata ena achitolera pa ntchito zomanga misewu ndi m'masitolo. Amayi a geni opita ku Kariakoo mu mzinda wa Dar es Salaam amatsitsa mtengo m'Chiswahili, chiyankhulo chimene bungwe la SADC linachivomereza mu 2019 kukhala chachinayi chogwirira ntchito. Asilikali athu okasungitsa mtendere ku Congo amabwera nacho Chiswahili chomwecho, ena ndi Chifalansa pang'ono. Malasha a ku Moatize amadutsa m'dziko muno pa njanji popita ku doko la Nacala, ndipo kumbali zonse ziwiri za njanjiyo kumafunika Chipwitikizi. Zidzukulu za matchona zikupitabe ku Joni pa basi, kudzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Ndiye pali Dzaleka m'boma la Dowa, malo amene kale anali ndende ya andale, ndipo kuyambira 1994 amasunga othawa kwawo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Akuluakulu anati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Kumeneko Chifalansa ndi Chiswahili zimamveka pamjigo, pamsika ndi m'kwaya, mwana wa Mchewa n'kumazitola osalipira tambala.

Apa ndi pamene nkhaniyi yandipezera pakhomo, chifukwa tsopano tsibweni ndine. Mwana wamkazi wa mlongo wanga anakulira kufupi ndi Dzaleka, komwe mayi ake ankagulitsa tomato ndi nyemba pa msika wa Lachiwiri. Anzake osewera nawo anali Achikongo. Ankadya kwawo, ankaimba nawo m'kwaya, ankakangana nawo ndi kugwirizananso. Pofika fomu 2 ankayankhula Chifalansa mosadodoma, moti amayi ogula ankamufunsa kuti kwawo ndi ku Lubumbashi kapena ku Bukavu. Anakhoza bwino mayeso a MSCE, ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi monga zimafunikira, ndipo anapeza malo pa sukulu ina ya ukachenjede kukaphunzira za ziyankhulo. Tinavina tsiku limenelo. Mlongo wanga anagulitsa soya wa chaka chonse, ine ndinaonjezera ya fodya.

Patatha mwezi umodzi anandiimbira foni.

"Atsibweni, mwaswera bwanji? Kuno ndiye ndikungokhalatu. Sabata yonseyi takhala tikuphunzira kupereka moni ndi kuwerenga kuyambira wani mpaka teni."

"Nanga sunawauze aphunzitsi kuti zimenezo unazipitirira kalekale?"

"Ndinawauza. Anandiyankhula m'Chifalansa, tinacheza nthawi yaitali, ndipo anasangalala kwambiri. Koma akuti iwo sangandidumphitse kalasi paokha. Ku ofesi anandifunsa pepala losonyeza komwe ndinaphunzira. Nanga pepala la pamsika ndikalitenga kuti, atsibweni?"

Ndinasowa chomuyankha. Chaka chonse chimenecho mwanayo anakhala pa benchi la oyamba kumene, akuthandiza anzake katchulidwe ka mawu, fizi ikulipiridwa yonse. Chomvetsa chisoni n'chakuti panali zimene ankafunikiradi kuphunzira. Chifalansa chake chinali cha pakamwa. Polemba ankaphonya zilembo zosatchulika zimene zadzaza m'chiyankhulochi, malamulo a galamala ankawatsata osadziwa mayina ake, ndipo buku lalikulu la Chifalansa anali asanawerengepo. Akanamuyesa pa tsiku loyamba, akanaona zonse ziwiri, kuti kumva ndi kuyankhula ali patali, kulemba ali m'mbuyo. Akanamuika m'kalasi yolimbana ndi kulemba ndi kuwerenga, chaka chija chikanabala zipatso. Sindikudzudzula mphunzitsi uja, amene anachita zimene akanatha. Chimene chinasowa ndi njira yolembedwa yoti munthu wodziwa kale aonetsere zimene akudziwa.

Kwina njira zotere zilipo. Ku Ulaya, kuyambira 2001, anagwirizana za makwerero asanu ndi limodzi oyezera chiyankhulo chilichonse, kuyambira A1 wa woyamba kumene mpaka C2 wa katswiri, ndipo amayesa padera kumva, kuyankhula, kuwerenga ndi kulemba. Safunsa kuti unachitenga kuti. Boma la France lili ndi mayeso a DELF ndi DALF kuyambira 1985, ndipo China ili ndi ake otchedwa HSK. Ku America kuli mayeso a CLEP, amene munthu akakhoza Chifalansa, Chijeremani kapena Chisipanishi, mayunivesite ambiri amamuwerengera ngati waphunzira kale makalasi oyambirira. Ena mwa mayunivesite a kumeneko amayamba amuyesa wophunzira, n'kumuika m'kalasi yapamwamba, ndipo akaikhoza bwino amamulembera m'kaundula makalasi onse amene anawadumpha. Nthawi yake ndi ndalama za makolo ake zimapulumuka. Ku South Africa komwe atsibweni anasiya mphamvu zawo, bungwe la SAQA lili ndi ndondomeko yovomereza luso limene munthu analipeza kunja kwa kalasi. Vuto la mayeso a kunjawa n'lakuti amalembedwera m'mizinda ndipo amafuna ndalama zimene mlimi wa ku Nsaru sangazipeze mosavuta.

Ngakhale kuno kwathu mbewu yake inadzalidwa kale. Bungwe la TEVETA limayesa amisiri amene anaphunzirira ntchito pamanja, monga opala matabwa amene mipando yawo timaiona m'mbali mwa msewu pa Namitete, n'kuwapatsa satifiketi malinga ndi luso lawo. Mayunivesite athu ali ndi khomo lolowera anthu achikulire amene agwirapo ntchito, kusonyeza kuti amavomereza kuti moyo nawo umaphunzitsa. Ngati tikutha kuyang'ana mpando n'kunena kuti wopanga uyu ndi mmisiri, chingatilepheretse n'chiyani kumvetsera munthu kwa ola limodzi, kumupatsa cholemba ola linanso, n'kunena pamene wafika?

Ndikudziwa chimene ena anganene, ndipo ndi nkhawa yoona. Adzati yunivesite si msika, ndipo Chifalansa chotsatsira tomato si Chifalansa cholembera kafukufuku. Adzati tikatsegula khomo limeneli, digiri idzapepuka ndipo achinyengo adzalowerapo. Koma mayeso ndiwo amateteza ku zonsezi. Wodzitama uja wa Chizulu anagwidwa ndi mafunso awiri pabwalo la mudzi. Mayeso okhwima, okhala ndi oyesa awiri kapena atatu, sangapatse munthu chimene alibe. Chimene chimapeputsa maphunziro ndi kukhazika wodziwa ndi wosadziwa pa benchi limodzi chaka chathunthu, wina akugona ndi kutopa, wina akuchita manyazi kutsegula pakamwa. Dziko lino likusowa aphunzitsi a Chifalansa m'masekondale a kumudzi, likusowa omasulira m'makhoti, m'zipatala ndi m'zipata za m'malire. Anthu oti akanadzaza mipata imeneyi alipo kale, ena akupalasa kabaza, ena akugulitsa kaunjika, chiyankhulo chili m'kamwa koma pepala palibe.

Sabata zapitazo ndinapita kumudzi kukaona manda. Chigafa chija chinagwa kalekale, pamalopo pamera nsenjere. Mwa matchona amene ankakhala pamenepo watsala m'modzi, maso anachita khungu, koma nditamupatsa moni wa Chizulu amene atsibweni anandiphunzitsa, nkhope yake inawala, ndipo anandiyankha mawu ambirimbiri omwe sindinawamve. Zidzukulu zake zinali pakhonde ndi foni, zikumvera nyimbo za ku Tanzania ndi kuimba nawo liwu ndi liwu. Palibe amene anazifunsapo kuti Chiswahili chimenecho chafika pati.

Pempho langa likupita kwa akuluakulu a National Council for Higher Education, kwa mayunivesite athu onse, a boma ndi a mipingo omwe, komanso kwa akatswiri a Centre for Language Studies ku Zomba, amene kuyambira 1996 akhala akusamala za ziyankhulo m'dziko muno. Khazikitsani mayeso a ziyankhulo amene munthu aliyense angalembe, kaya anaphunzirira m'kalasi, kaya pamsika, kaya ku Joni. Mukhale Chifalansa, Chipwitikizi, Chiswahili, Chitchaina ndi Chizulu. Mtengo wake ukhale wofikirika, ndipo kamodzi pa chaka oyesawo azifika m'maboma, osati ku Zomba, Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu kokha. Wokhoza apatsidwe pepala lonena pamene wafika, ndipo akalowa ku yunivesite achotseredwe makalasi amene wawapitirira pamodzi ndi fizi yake. Inunso makolo a ku Nambuma, Mpingu ndi Kabudula, mwana wanu akapeza malo kukaphunzira chiyankhulo chimene akuchiyankhula kale, musangokhala chete. Musanagulitse soya, pitani naye ku ofesi, mukapemphe mwaulemu kuti amuyese kaye.